Bweretsani Mphunoyo Ndiimve

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri tebulo langa la tchizi lakhala moyandikana ndi tebulo la zitsamba la Dona Aldenora, pamzere wachiwiri wa msika wathu, kuseri kwa ogulitsa nyama ya mbuzi. Ndine ndinanyamula mwana wake Genival pa ubatizo, choncho timaitanana kuti komadre, ngakhale pa masiku amene takwiyirana. Dzina langa ndi Zuleide. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala ndi maso oona zambiri, ndipo sindiwatsutsa, chifukwa m'nkhani inoyi manja anga si oyera.

Aldenora sakhulupirira munthu. Sikelo ya mnzake amaisuzumira kunsi, wansembe watsopano amamupatsa chaka chathunthu asanavomere kuti ndi wansembedi, ndipo ukamupatsa moni wansangala kwambiri amakufunsa kuti ukufuna chiyani. Koma pa nkhani ya mphuno palibe womuposa. Kwathu kuno, kumunsi kwa phiri la Araripe, mauvuni a pulasitala sazima, ndipo fumbi lake loyera limalowa m'khofi, m'tsitsi ndi m'zovala zoyanika. Pofika Okutobala theka la tauni limapumira kukamwa. Anthu amafika patebulo lake atagwira pachipumi, maso ali psuu, mawu akumveka ngati akulankhulira m'botolo.

Iye safunsa zambiri. Amamuuza munthu kuti aweramire patsogolo, atseke pakamwa, kenako amasendeza khutu pamphuno pake n'kumvetsera. Mphuno yolira ngati phala likamawira imalandira masamba a bulugamu: ukawiritse, udzifunditse thaulo pamwamba pa poto, upume nthunziyo mpaka thukuta litsike. Yothetheka m'kati akuti ndi youma chabe, imafuna madzi ofunda a mchere pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Yongoti zii, yosadutsa mpweya n'komwe, amaipatsa nsalu yotentha pamasaya ndi tiyi wa jinja, ndimu ndi uchi. Ena amangowabweza. “Iyi si yanga iyi, pitani kuchipatala lero lomwe,” ndipo ukachedwa kunyamuka amakuthamangitsa ndi tsache.

Mankhwala amene anamutchukitsa sakhala patebulo. Amakhala m'chitini chakale cha mabisiketi chokhoma ndi loko, ndipo kiyi wake amalendewera pachingwe cha m'khosi pamodzi ndi kamtanda. M'menemo muli kabasinya, kachinkhupule kouma, kaminga, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Mphuno imene yakana zonse kabasinya kamaitsegula, mamina a chaka chonse n'kutsika. N'kaukali, ndipo madokotala amakada. Komanso mkazi aliyense kuno amadziwa ntchito ina ya kachipatsoka, ngakhale sainena mokweza: mtsikana amene zamupanikiza amakafuna kuti achotsere mimba, ndipo ena kanawatengera kumanda. N'chifukwa chake mkazi akangofunsa za kabasinya, msika wonse umamuyang'ana pamimba, osati pamphuno.

Lamulo la Aldenora ndi limodzi, sapereka kabasinya kwa wotumidwa. “Ati ndi ka amuna anga, ati ndi ka agogo,” amatero akupukusa mutu. “Bweretsani mphunoyo ndiimve.” Mphunoyo ikabweradi, sapereka chipatso chathunthu. Amakonza yekha kuseri kwa tebulo, mwini mphuno ataima pomwepo.

Anthu atsopano m'tauni amaganiza kuti ndi nkhanza yobadwa nayo. Ife akale timadziwa chimene chinatsitsa dzaye.

Aldenora anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mwamuna wake anali Tibúrcio, wosonkhezera moto pa uvuni wina wa pulasitala, wamfupi, wanthabwala, katswiri wovina. Akodiyoni ikalira akazi ankachita kumulimbirana, ine ndemwe ndinavinapo naye kawiri. Chaka china mphuno yake inatsekeka miyezi itatu. Aldenora anali atangophunzira kumene za zitsamba kwa azakhali ake, ndipo ankafuna kuonetsa kuti wadziwa. Anamukonzera kabasinya, mwamuna anati sikakumveka, onjezera, iye anaonjezera. Magazi anatuluka masiku atatu. Chilonda chitapola chinasiya kabowo m'kati, pakakhoma kolekanitsa mphuno ziwirizi, ndipo kuyambira pamenepo Tibúrcio akamapuma mphuno yake inkaimba mluzu. Fyii polowa, fyoo potuluka.

Poyamba iye mwini ankaseka nawo. Koma ana anamupatsa dzina loti Ketulo, ndipo akulu anawalanda dzinalo. Pa makhadi anzake ankadziwa kuti wagwira abwino chifukwa mluzu unkafulumira. Pa Misa, tchalitchi chonse chikakhala chete, ankamveka iye yekha, anthu n'kumagwedeza mapewa m'mabenchi. Kugule akazi anayamba kumukana, ati sungavine nyimbo ziwiri nthawi imodzi. Anapirira zaka zisanu ndi chimodzi. Genival ali ndi zaka zisanu, Tibúrcio anakwera basi ya ku São Paulo, osalembanso kalata ngakhale imodzi. Pokwera anauza malemu amuna anga kuti munthu sungakhale m'tauni imene agalu omwe amakumva usanakhote pakona.

Aldenora sanavomerepo pagulu kuti cholakwa chinali chake. “Kuli mkazi kumeneko,” ankatero. “Mwamuna sathawa mphuno yake.” Koma mwezi womwewo anagula loko uja.

Genival anakula bwino, mwana wofatsa. Anakwatira Marluce, mtsikana wosoka zovala wa kuseri kwa phiri, ku Ceará, ndipo anamumangira kanyumba kumapeto kwa tauni, m'mbali mwa msewu wa malole a pulasitala. Marluce anali wa mawu ochepa, ndipo kwa apongozi ake umenewo unali kale mlandu. “Munthu wosalankhula amasunga chiyani m'kamwamo?” ankandifunsa. Mtsikanayo anapita padera kawiri. Patapita nthawi Genival anapita kukagwira ntchito ya zomangamanga ku São Paulo. Chaka chimene ndikunenachi anabwera kamodzi kokha, masiku atatu, pa chikondwerero cha Yohane Woyera mu Juni. Anaotcha nafe chimanga pamoto wa pamsewu n'kubwerera.

Loweruka lina mu Okutobala dzino linamuzunza Aldenora mpaka anavomera kukalichotsa. Anaitana Marluce kuti amusungire tebulo. Dzino likamapweteka munthu amaiwala ndi dzina lake lomwe, ndiye kiyi uja anamusiya ali pa loko. Anabwerako masana tsaya lili tutumbu, Marluce atapita kale. Anatsegula chitini, anayang'anamo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

“Komadre, mwakhala pano m'mawa wonse?”

“Ndikanapita kuti? Tchizi amadzigulitsa yekha?”

“Tizipatso tinali tisanu ndi tiwiri. Tatsala tisanu ndi kamodzi.”

“Ndiye mukuyang'ana ine? Pa msinkhu wanga uno ndikachite nako chiyani, ndikakwechere mapoto?”

“Muli ndi adzukulu aakazi atatu,” anatero, thonje lamagazi lili kukamwa.

Pamenepo ndinapsa mtima. Munganditukwane ine mmene mungafunire, koma osati adzukulu anga. “M'malo mowerenga adzukulu a eni,” ndinatero, “bwanji osayamba ndi amene munamusiyira tebulo?”

“Marluce? Uja sangaphe ndi udzudzu womwe.”

“Ofatsa omwewo ndi amene amatidabwitsa.”

Ndinayamba kulankhula pofuna kudzichotsapo ine ndi ana anga, koma m'mene mawu ankatuluka, nanenso ndinkawakhulupirira. Ndinamukumbutsa kuti kwa milungu itatu Marluce wakhala akugula tchizi wa anthu awiri, chonsecho amakhala yekha. Ndinamuuza kuti m'mawa womwewo, ogulitsa mbuzi akutsuka matumbo, mtsikanayo anatseka pakamwa n'kuthamangira kuseri kwa chimbudzi. Ndinaonjeza kuti ndinamuona m'sitolo akugula malezala ometera ndevu. Zonsezi zinali zoona, ndipo n'chimene chimandipweteka mpaka lero, kuti sindinaname ngakhale pamodzi.

Lachitatu masana ndinadzipezera chifukwa chodutsira msewu wa malole. Mawindo a Marluce anali otseka onse, dzuwa likuswa mtengo choncho. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikunamizira kuchotsa kamwala m'nsapato. Malole ankadutsa motsatizana moti sindinamve kalikonse, koma maso anagwira ntchito yawo. Kuseri kwa nyumba, pachingwe chomangidwa munsi kuti chisaonekere kumsewu, panali thalauza la mwamuna. Genival ndi wamtali ngati mlongoti. Thalauza ili linali la munthu wamfupi.

Ndinapita nazo kwa Aldenora zikadali zotentha. Anamvetsera akusankha masamba a bulugamu, osandiyang'ana.

“Mwina ndi la kasitomala, paja amasoka,” anatero.

“Amasoka madiresi. Ndipo telala amachapira makasitomala kuyambira liti?”

“Genival anabwera mu Juni. Ngati ali ndi pakati, ingakhale yake.”

“Komadre, mimba ya mwamuna wako suibisa, ndipo suifunira kabasinya.”

Anasiya masamba aja. Ndinamuuza kuti aimbire foni Genival, chimenecho chokha ndiye chanzeru chimene ndinanena mlungu wonsewo. Anakana. “Ndimuimbire kuti ayambe kumuikira kumbuyo? Uja mkazi wake akamuuza kuti mvula ikuchokera pansi amavomera.” Akanaimba, nkhani ikanathera pomwepo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife awiri kudekha sitinabadwe nako.

Loweruka lotsatira Marluce anafika pamsika cha m'ma khumi, atanyamula mbale ya kuskuzi wa chimanga ndi mkaka, chakudya chofewa, poganizira nkhama za apongozi ake. Msika unali wodzaza. Patebulo la Aldenora panali amayi anayi akudikira kumvedwa mphuno.

“Mwadzuka bwanji, Dona Aldenora? Tsaya laphwa?”

“Ika mbaleyo pansi. Weramira kuno.”

“Ine sindikudwala.”

“Ndati weramira kuno. Tseka pakamwa.”

Marluce anaweramira. Aldenora anasendeza khutu monga amachitira ndi aliyense, anamvetsera mbali iyi, anamvetsera mbali inayo, mosafulumira. Amayi anayi aja anasiya kucheza.

“Mphuno iyi ilibe kanthu,” anatero mokweza. “Mpweya ukungodutsa ngati pakhomo lotsegula. Ndiye tandiuza, kabasinya kanga kanakalowa pati?”

Mtsikanayo anaimirira bwinobwino. Sanakane. “Ndinatenga ndine,” anatero chapansipansi. “Ndinalakwa osapempha. Tikakambirane kunyumba.”

“Kunyumba kuti? Kumene kukuyanikidwa thalauza la mwamuna wamfupi? Mwana wanga akusenza simenti ku São Paulo, iwe kuno ukugula malezala?”

“Dona Aldenora, chonde. Pano ayi.”

Wogulitsa mbuzi anali ataimitsa chikwanje m'mwamba. Ine ndinali nditapinda manja kuseri kwa tchizi wanga, ndipo ndisabise, mtima unkandikoma. Ndinkati taona, ndinanena ine. Kenako Aldenora ananena mawu amene ngakhale ine sindinawaganizepo.

“Mimba ziwiri zija, zimene tinakulirira nazo, zinapitanso choncho?”

Marluce anayang'ana apongozi ake, anayang'ana amayi anayi aja mmodzimmodzi, ndipo nkhope yake inauma. Sanalire. Anakonza chivundikiro cha mbale chimene chinapendekeka.

“Tiyeni,” anatero. “Inunso, Dona Zuleide, popeza ndinu muli ndi maso.”

Tinasiya matebulo osatseka n'kumutsatira. Ulendo wa kumapeto kwa tauni ndi wa mphindi makumi awiri. Iye patsogolo, ife pambuyo, fumbi loyera likutimata m'miyendo. Ine ndinali ndikukonza kale m'mutu zokamuuza mwamunayo, kaya ndi ndani. Titafika pakhonde lole lina linadutsa, phokoso lake linapita likuzilala, ndipo kwa kanthawi msewu unakhala bata. Marluce anali asanatsegule chitseko.

Fyii. Fyoo.

Aldenora anaima phazi limodzi lili pasitepe. Dzanja lake linapita pa kiyi wa m'khosi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi zinali zitadutsa, koma mluzu umenewo ngakhale ine ndikanaudziwa pakati pa anthu chikwi.

M'chipinda cha kuseri, pa machira opachika kukhoma, panagona kamunthu kowonda, tsitsi lonse mbuu, ndevu zometa bwino. Anadzutsa mutu n'kutiyang'ana, ndipo mluzu unafulumira monga unkachitira pa makhadi.

“Nora,” anatero. “Wakalamba.”

“Iwe nyimbo sunasinthe,” anayankha Aldenora, koma mawu ake anali opanda mphamvu.

Marluce anafotokoza ataima pakhomo, mawu ake osakwera osatsika. Genival anakumana ndi bambo akewo mu Ogasiti, akulondera pageti la malo ena omanga, ndipo anawazindikirira mluzu womwewo. Anali akudwala, opanda aliyense. Anawakweza basi, anapempha mkazi wake kuti awasunge mwakachetechete mpaka iye adzabwere pa Khirisimasi kudzalankhula yekha ndi amayi ake. “Anati mukangomva kwa wina mudzawathamangitsa ndi tsache,” anatero. “Ndinamulonjeza kuti sindinena.”

“Mwanayu usamuimbe mlandu, Nora,” anatero Tibúrcio. “Ndinamuvutitsa ndine. Mbali iyi yatsekeka chaka chachitatu tsopano, mutu ukuchita kung'ambika. Ndayesa za m'mabotolo zonse. Ndinati palibe chinaitsegulapo koma chako chija.”

“Chimene chinakuboola?”

“Chinandiboola, koma ndinapuma.”

Marluce anafikira pashelefu, anatsitsa kapu yovundikira ndi sosala, anaiika m'manja mwa apongozi ake. Kabasinya kanali momwemo, kathunthu, ndi timinga take tonse.

“Ndinaopa kukaphika,” anatero. “Muyeso sindiudziwa, ndipo nthunzi yake yomwe sindinafune kuipuma. Ndili ndi miyezi inayi. Ya pa Yohane Woyera, mukhoza kuwerenga, Dona Zuleide akuthandizani. Sindinanene chifukwa kawiri konse kaja ndinanena msanga, ndipo kawiri konse munandifunsa kuti ndinanyamula chiyani cholemera. Ulendo uno ndinati ndidikire kaye agwire.”

Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowemo. Aldenora anayang'ana m'kapu muja ngati muli zolemba. “Mwana wanga,” anayamba, ndipo kanali koyamba kumumva akumuitana choncho.

“Ayi,” anatero Marluce. “Munanenera pamsika.”

Lolemba m'mawa anakwera basi yodutsa phiri, ndi makina ake osokera ndi masutikesi awiri. Makiyi a nyumba anawasiya kwa oyandikana nawo. Genival sanabwere pa Khirisimasi. Anachoka ku São Paulo n'kupita ku Ceará komweko, anapeza ntchito, ndipo foni ya amayi ake sankayankha. Kwa ine, amene ndinamunyamula pa ubatizo, anatumiza mawu awiri okha kudzera kwa woyendetsa basi: musadzandiimbirenso foni.

Tibúrcio anatsala wopanda womuphikira, choncho Aldenora anamutengera kwake, m'chipinda chosungira masamba. Sakugwirizana, musaganize zimenezo. Amakangana za mchere, za wailesi, za mkazi wa ku São Paulo amene mwina kunalibe n'komwe. M'mawa uliwonse amamutsuka mphuno ndi madzi a mchere, amamufunditsa thaulo pa poto wa bulugamu, ndipo anamukokera kuchipatala kawiri. Kabasinya amamukaniza mpaka lero.

Chimene anayesetsa kwambiri ndi kubweza mawu ake. Loweruka lililonse, aliyense woweramira patebulo lake ankauzidwa asanamvedwe mphuno: “Zimene ndinanena za mpongozi wanga zinali zabodza. Kachipatso kanapezeka kathunthu, mwamunayo anali Tibúrcio.” Munthu amene sanapepesepo chibadwire ankanena zimenezi kakhumi pa tsiku. Nanenso ndinayenda khomo ndi khomo. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu, eya, eya, tamva, ndipo tikangotembenuka ankati gogo akubisa manyazi a banja. Mwana atabadwa mu Malichi, mtsikana, m'mwezi wake weniweni, ena anati masiku ano miyezi imakonzeka. Madzi akatayika saoleka, ndinauona ndi maso mwambi umenewu.

Juni wotsatira kunazizira kwambiri. Loweruka lina masana, msika uli pachimake, foni ya Aldenora inalira m'thumba la epuloni. Anayang'ana dzina, linali la Genival, anakhala pansi pa kreti. Anaikweza mawu mwangozi, ndiye ndinamva zonse.

“Mdalitso wanu, amayi.”

“Mulungu akudalitse, mwana wanga.”

“Sindikuimbira zina. Mwanayu mphuno yatsekeka, akulephera kuyamwa. Akayamba amasiya n'kumalira. Kachipatala ka kuno n'kotseka mpaka Lolemba.”

“Thupi latentha?”

“Ayi.”

“Ika foniyo pamphuno pake ndiimve.”

Ndinatuluka kuseri kwa tebulo langa, ndinalanda chikwanje cha wogulitsa mbuzi, ndinazimitsa wailesi ya wogulitsa fodya. Pakamwa panga panaononga zambiri, koma tsiku limenelo panakhalitsa chete mzere wonse. Aldenora anakanikiza foni kukhutu, anatseka khutu linalo ndi chala, anatsinzina.

Ndakhala pambali pake zaka zokwanira kuti ndidziwe nthawi imene wamva. Nsidze yake ya kumanzere imakwera. Inakwera pa mpweya wachiwiri. Koma iye anangokhala choncho, mutu utapendekeka, milomo ikuyenda pang'ono motsatira kampweyako.

“Amayi, mwamva?”

“Dikira, kuno kuli phokoso. Sendeza pang'ono.”

Phokoso kunalibe. Anamvetseranso, nthawi yaitali kuposa imene anapatsapo mphuno ina iliyonse pamsika uno. Kenako anatsegula maso n'kulankhula ndi mawu ake a ntchito. Anati ndi timamina touma chabe. Anati akagule timadzi ta mchere ta makanda ku famase, adontheze pang'ono asanayamwe, amunyamule choimirira paphewa. Bulugamu ayi, zopaka zonunkhira ayi, khanda silifuna zimenezo. Akayamba kupuma mothamanga kapena kutentha thupi, asadikire Lolemba, apeze galimoto.

“Zikomo, amayi.”

“Taikanso kamodzi, ndingotsimikiza.”

Kunamveka kusuntha kwa nsalu, kenako mawu ena, a Marluce, odekha ngati tsiku lija pakhomo. “Mwamva kale, Dona Aldenora.” Foni inaduka.

Anakhalabe nayo kukhutu. Anthu anayamba kuyenda, wina anayatsanso wailesi, mayi wina anafika n'kuweramira patebulo osauzidwa, kudikira kuti amvedwe. Aldenora sanamuone. Anatembenukira kwa ine, maso ali jenjenje.

“Imalira pang'ono mbali ya kumanzere,” anatero. “Koma ndi mphuno yabwino, komadre. Ndi mphuno yabwino.”

Mwanayo pano akuyenda, akuti wayamba kale kutchula mawu. Agogo ake sanamuonebe.